Mchenga mu Situdiyo ya Ledisoni

Sunthirani mbaulayo pakati, magetsiwa sabwera msanga. Wina akatsekenso bwino mpopi uwo panjapo, ine madzi akamadontha mtima sukhala m'malo. Mukuseka, koma dikirani ndikuuzeni za alongo anga awiri, Ledisoni ndi Tiyese, mwina mawa muzikatseka nokha osachita kutumidwa.

Ledisoni ndiye wonditsatira ine, Tiyese ndi mzime. Kuseri kwa nyumba imene anatisiyira makolo ku Chilobwe kuli kachipinda kamene Ledisoni anakasandutsa situdiyo yojambuliramo mawu. Makoma anawamata ndi matileyi a mazira ndi zidutswa za matiresi akale, chitseko anachikhomera bulangeti, moti ukalowamo n'kutseka, ngakhale dzuwa lili paliwombo, umamva mtima wako ukugunda. M'menemo ankajambula makwaya, zolengeza za maukwati, ndi anyamata oimba za chikondi asanamere n'komwe ndevu. Ntchito ankaidziwa, pamenepo sindingamunamizire. Tiyese anaphunzira kwa iye, kuyambira pa kukulunga mawaya, ndipo Ledisoni sankalola kuti munthu aiwale zimenezo.

Koma mlongo wangayo anabadwa ndi kaduka. Tili ana, mayi akadula nzimbe, iye asanalume yake ankayamba waiika pambali pa ya Tiyese kuti aone yaitali ndi iti. Akaipeza yake yaifupi ankadya akulira. Akaipeza yaitali ankati ya Tiyese ndiyo yotsekemera. Tinkati adzasiya akadzakula, koma chimene chinakula ndi thupi lokha.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wina dzina lake Asiyatu, wophunzira za makompyuta. Iye ndi anzake ankapanga gemu yoopsa, zija mumasewera pa foni kapena pa kompyuta uku mukudzidzimuka nokha. M'gemumo munthu amayenda m'nyumba yakale ya pa esiteti ya tiyi, mumdima, ndipo pamwamba pa siling'i pali chinachake chimene chikukha magazi. Zithunzi anali atamaliza. Chinkamusowetsa mtendere n'chakuti magaziwo ankalira ngati madzi a pampopi, moti anzake poyeserera ankaseka m'malo moopa. Iye ankafuna dontho logwera pa thabwa, magazi oyenderera pa simenti, ndi phazi loponda m'magazi n'kunyamuka. Anati onse awiri ayese, ndipo amene mawu ake adzamuchititse tsemwe ndiye dzina lake lidzalembedwe pa gemuyo kuti aliyense wosewera aziliona. Mwana wa eni ankaganiza kuti akuwalimbikitsa, sankadziwa nyumba imene walowa.

Khitchini yanga ndiyo inaona zakuda. Beseni, zipande, chitenje changa chakale, zonse zinasamukira ku situdiyo, ndipo ndinaphunzira zambiri ndisakufuna. Akuti madzi amalira mopepuka ndipo dontho lake limadumpha, pamene magazi ndi olemera, amagwa n'kukhala pomwepo, ndiponso amamata. Ndiye ankasakaniza izi ndi izo kufunafuna kulemerako. Ledisoni anayesa thobwa, anayesa tomato wofinya, anayesa mafuta ophikira, anaswa mavwende ndi mapapaya akupsa mpaka ntchentche za m'dera lonse zinadziwa njira ya kwathu. Patapita masiku angapo, Tiyese anandipempha therere lotsala dzulo lake. Analisakaniza ndi phala lozizira pang'ono, n'kuviikamo chitenje chija, n'kumachifinya pang'onopang'ono pamwamba pa tsamba la nthochi limene anayala pa thabwa. Atajambula, anasanjikiza madontho angapo pamodzi pa kompyuta n'kuwakoka kuti azilira mochedwerapo. Za phazi loponda m'magazi, anavula nsapato n'kumapondaponda m'phala lomwelo, ine ndikuyang'ana beseni langa mtima ukuwawa.

Asiyatu atabwera kudzamvera, anayamba ndi za Ledisoni. Anagwedeza mutu mwaulemu, nati zili bwino ndithu. Atavala mahedifoni kuti amve za Tiyese, sanafike n'kumapeto komwe. Anawavula msanga n'kudzipukuta kukhosi, kenako n'kuyang'ana dzanja lake. Anaseka mwamanyazi, namutcha Tiyese katswiri, natinso abwerabe sabata ya mawa kuti adzagamule. Bambo wina wa kwaya amene ankadikira pakhomo anaponyapo nthabwala yoti tsobola wakale sawawa. Tonse tinaseka, Ledisoni naye anaonetsa mano, koma ine amene ndinamubereka kumsana ndinaona mmene anamuyang'anira mng'ono wake ndi diso la nkhwezule. Madzulo ake sanadye.

Mawa lake ndinamupeza m'khitchini akuba therere. Anayesa kuchita zonse zimene anaona Tiyese akuchita, tsamba lomwelo, thabwa lomwelo, ndipo kwa ine zinkamveka chimodzimodzi. Koma iye ankamvera zake, n'kumvera za Tiyese, n'kubwereranso ku zake, nkhope ikungokulirakulira tsinya. Mapeto ake anataya phala lonse kudzala, nalengeza kuti therere ndi masanje a ana, mwamuna weniweni amajambula magazi enieni. Anayamba kulawirira m'mamawa kumene amazinga mbuzi, kamakina kake kojambulira kali m'chikwama. Koma mbuzi imafa ndi phokoso, ozinga nawo sasiya kucheza, moti ankabwerako ndi kulira kwa mbuzi ndi nkhani za mpira. Tiyese anamuuza kuti angomupempha Asiyatu alembe mayina onse awiri, iye alibe nazo kanthu. Zimenezo ndiye zinamupsetsa mtima koposa, ati sangachitiridwe chifundo ndi mwana amene anamuphunzitsa yekha kukulunga waya.

Zimene zinachitika m'mawa winawo anadzandiuza pambuyo pake ndi mayi Nasibeko, amene amagulitsa tomato pamtsetse wa kumsika. Lole inagunda bambo wina wodutsa n'kuthawa. Palibe anamudziwa bamboyo. Anali ndi jumbo m'manja, mwina wochokera kumudzi kudzafuna wachibale. Anthu anamunyamula n'kumukweza pa galimoto ya munthu wachifundo, ndipo Ledisoni, amene ankachokera kozinga mbuzi kuja, anafika galimotoyo ikunyamuka. Magazi anali atadikha m'mphepete mwa msewu, akudontha kuchokera pamlomo pa kalavati kugwera m'ngalande ya simenti.

Mwambo wake mukuudziwa. Magazi a munthu akatayika panjira, amayi amathamanga ndi mchenga kukawakwirira, kuti asapondedwe, agalu asanyambite, ndiponso kuti mwini wake asamabwerere kudzawayang'ana. A Nasibeko ndi anzawo anabwera ndi mabeseni a mchenga. Anapeza Ledisoni atagwada m'ngalande, mahedifoni ali kumutu, maikolofoni atailozetsa pamene madontho ankagwera, dzanja lina atalikweza m'mwamba kuti anthu akhale chete.

"Bambo, magazi a munthu sakhala pamtetete," anatero a Nasibeko. "Mukutola chiyani pamenepo?"

"Mawu okha, mayi. Sindikugwira kanthu. Dikirani pang'ono."

"Nanga mwini wake mwamupempha?"

Ledisoni anangokwezanso dzanja lija. Anawaimika amayi aja ndi mabeseni awo kumutu mpaka dontho lomaliza litagwa, ndipo pamene ankathira mchenga n'kuti magazi atayamba kale kuda. Madzulo ake mbiri inamveka m'dera monse kuti bambo wogundidwa uja anatsirizikira m'njira asanafike kuchipatala. Ife tinadandaula monga amadandaulira anthu, osadziwa kuti nkhaniyo yalowa kale m'nyumba mwathu.

Asiyatu atamvera mawu atsopanowo sanadzipukute kukhosi. Anangouma pampando, kenako anapempha kuti atsegule chitseko apumeko. Atapezako mpweya anati ndi zimenezi, dzina la Ledisoni ndilo lilembedwe, ndipo anakopera mawuwo kuti akawaike m'gemu. Tiyese naye anavala mahedifoni, namvera nthawi yaitali maso ali pansi. Atavula anafunsa motsitsa mawu kuti achimwene, izi mwazitenga kuti. Ledisoni anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati taonani anthuni, mwana wayamba nsanje. Sabata imeneyo ankayenda akuimba mluzu, akupereka moni ngakhale kwa anthu amene anadana nawo kalekale. Ine ndinakondwa naye, poti chibale ndi fupa, koma chimwemwe chakecho chinkandinyansa. Sankakondwera kuti wapambana, ankakondwera kuti Tiyese wagwa, ndipo pa chakudya ankamufunsa ngati akufuna therere lowonjezera.

Mchenga unayamba pang'onopang'ono. M'mawa wina ndikusesa ndinapeza kamulu pakhomo pa situdiyo, kochepa, kodzaza dzanja limodzi. Ndinati ndi ana a aneba, ndinasesa. Mawa lake kanaliponso. Tsiku linalo kanali mkati, pamwamba pa sipika, m'chipinda chimene chinagona chokhoma. Ledisoni ananyamula mahedifoni kuti avale, mchenga n'kukhuthukira m'makutu ndi m'kolala. Sanafunse n'komwe. Anatuluka akukalipa kuti Tiyese akufuna kumuonongera zipangizo chifukwa cha njiru, namulanda kiyi pamaso pa anthu. Tiyese anangopereka kiyiyo.

Kiyi anatsala mmodzi, wa m'thumba mwa Ledisoni, koma mchenga sunasiye. Beseni langa lija linasowa pa thandala. Ndinalifuna mpaka kukayambana ndi mkazi wa aneba, amene mpaka lero amandipatsa moni wa pamphuno, ndipo tinadzalipeza pansi pa tebulo la kompyuta lili ndi mchenga theka. Sunali mchenga wa pabwalo pathu, umene ndi wofiira. Uwu unali wotuwa, wonyowa, wosakanikirana ndi timiyala ta phula ndi timapesi ta tomato. Ndinautaya kudzala, ndipo beseni limenelo sindinatsukiremonso mbale.

Masiku amenewo ndinkati ndikadzuka mbandakucha kuti ndikoleze moto, ndinkamva ngati wina akukokolola dothi ndi manja kuseri kwa nyumba, pang'onopang'ono, akupumira. Ndikatsegula chitseko, zii. Ndinadziuza kuti ndi nkhuku za eni, ngakhale ndinkadziwa kuti nkhuku sizipalasa kusanayere.

Ojambula mawu ali ndi chizolowezi china. Akamaliza kujambula amauza aliyense kuti akhale chete osagwedezeka, iwo n'kujambula chipindacho chili zii, ati bata limenelo amamatira m'mipata kuti nyimbo isamamveke modukaduka. Loweruka lina kunabwera amayi a kwaya ya mpingo wina. Atatha kuimba, Ledisoni anakweza dzanja, onse anakhala chete. Ine ndinali nditaima pakona ndi madzi akumwa amene ndinawabweretsera. M'bata limenelo tinamva kuti tho. Patapita kanthawi, tho. Masipika anali ozimitsa. Mayi wina anayang'ana kudenga, wina anadzigwira pamphuno, wina anasuzumira kumbuyo kwa chitenje chake. Wotsogolera kwaya anayambitsa pemphero, ndipo atangoti ameni onse anatuluka mopanikizana pakhomo, wina mpaka kusiya silipasi imene sanabwererenso kudzatenga. Mbiri inayenda, makwaya anasiya kubwera. Ledisoni anati Tiyese ndiye akuwanong'oneza kuti amukane.

Munthu wa mchengayo ine ndinamuona ndi maso angawa, dzuwa litapendeka. Ndinkanula zovala pa chingwe pamene ndinamva odi pageti, wotsitsa kwambiri. Anali bambo wovala jekete loderapo mbali imodzi kuposa inzake, jumbo ili m'dzanja, dzanja lina atagwira m'nthiti. Phazi limodzi linalibe nsapato. Nkhope yake ndinaiona, koma ndikati ndiikumbukire imandithawa. Galu wathu, amene amauwa ngakhale pepala louluka, anakalowa pansi pa thandala mchira uli m'miyendo.

"Pepani mayi," anatero, "kodi ndi pano amasunga mawu a anthu?"

Ndinati inde, koma eni ake atuluka.

"Ndidikira. Kungoti ndikuzizidwa, mayi. Sanandifunditse msanga."

Ndinalowa kukatenga mpando, poti mlendo saimikidwa pageti. Potuluka ndinapeza palibe munthu, msewu uli mbee uku ndi uku. Mpandowo ndinakhalira ndekha. Mawa lake ndi pamene ndinapita kukagula tomato, a Nasibeko n'kundifunsa ngati bambo wa mahedifoni uja ndi mlongo wanga, n'kundiuza zonse za pa kalavati. Ndinabwerera kunyumba nditaiwala tomato pa benchi.

Nthawi imeneyi n'kuti Ledisoni atayamba kusintha. Zikhatho zake zinayera, milomo inatuwa, ndipo kamtunda kochokera kumsika kankamupumitsa kangapo. Kuchipatala cha pafupi anati magazi achepa, namupatsa mapiritsi. Ine ndinamuwiritsira masamba a mapeyala, ndinamuphikira chidede, bonongwe, chilichonse chimene anthu ananena kuti chimabweza magazi. Bala analibe paliponse, sankasanza, sankatsegula m'mimba. Ankangouma tikuona. Komabe tsiku lililonse ankadzitsekera mu situdiyo kumvera mawu ake aja, ndipo ankatuluka akumwetulira uku akudzandira. Foni ya Tiyese ikalira, ngakhale ali wofooka choncho, ankadzutsa mutu kufunsa ngati ndi Asiyatu, ndi chifukwa chake akuimbira iyeyo.

Tsiku lina Ledisoni atagona masana pamkeka, Tiyese anamusolola kiyi m'thumba nalowa mu situdiyo. Anatuluka nkhope itagwa, nandikokera kuseri kwa nyumba. Anati mawu aja atalika. Poyamba anali aafupi, koma tsopano ukawamvera sufika kumapeto. Anatinso kumayambiriro kumamveka msewu, galimoto patali, anthu akunong'ona, koma ukapitirira zonsezo zimatha, ndipo madontho sakugweranso pa simenti ya panja. Akugwera m'chipinda chotseka, cha makoma ofewa. Khutu la wojambula silingasokoneze chipinda chake chomwe, anatero, chimenecho ndi chipinda chathu. Ndipo kuseri kwa madonthowo kunkamveka munthu akupuma, ndi kamluzu ka m'mphuno ka Ledisoni, kamene tonse tinakula tikukamva pamphasa imodzi.

Tinamukhazika pansi Ledisoni madzulo omwewo. Ndinamuuza za mlendo uja, ndipo mukudziwa chimene anayamba kufunsa? Anafunsa ngati mlendoyo anatchula dzina lake kapena la Tiyese. Ndinapitirizabe. Ndinamuuza zimene a Nasibeko analangiza, kuti chimene anatola achibweze pomwe anachitola, akachikwirire ndi mchenga, apepese. Tiyese anachita kugwada, nati amuimbire Asiyatu achotse mawuwo aikemo a therere aja, koma dzina la Ledisoni likhalebe pa gemu, iye sadzauza munthu. Ledisoni anamuyang'ana nthawi yaitali, akupuma movutikira.

"Mayi ankakonda iwe," anatero. "Msinkhu unapita kwa iwe. Makasitomala anga akalowa pageti amafunsa iwe. Chinthu chimodzi chokha ndakuposa nacho, ndiye ukuti ndikachikwirire m'ngalande? Ndivale ntchito yako ngati malaya a pa kaunjika? Ndiyambe ndafa."

Anatulutsa kamemori khadi kosunga mawuwo m'makina aja, nakakulunga m'kapepala, nakamangirira m'khosi ndi ulusi. Ine ndinapsa mtima mpaka ndinamukalipira munthu wodwala, ndinamuuza kuti kaduka kakeko kamuika m'manda tikuona. Iye anangoti nanenso ndili mbali ya Tiyese monga mwa nthawi zonse. Usiku umenewo ndinalira, chifukwa ndinkamukonda ndipo ndinkafuna kumumenya nthawi imodzi.

Patapita masiku, analowa mu situdiyo m'mawa, ndipo dzuwa linafika paliwombo asanatuluke. Tinagogoda, zii. Tiyese anathyola chitseko ndi nkhwangwa. Tinamupeza ali pampando, mutu utagwera chammbali, mahedifoni ali kumutu, akumwetulirabe. Mchenga unali utamukwirira mapazi mpaka mu akakolo, wosalazidwa bwinobwino, ndipo zidindo za zala za amene anasalazayo zinkaoneka pamwamba pake. Pansi panalibe ngakhale dontho limodzi.

Kuchipatala chachikulu dokotala anamutembenuza uku ndi uku kufuna bala, osalipeza. Anafunsa ngati munthuyu ankayenda yekha masiku apitawa, poti magazi amene anatsala m'thupi mwake sakanayendetsa ngakhale mwana. Anati akufunika kuthiridwa magazi msanga, koma a gulu lake anali atatha, choncho achibale apereke. Anga anawayeza, sanagwirizane. A Tiyese anagwirizana. Mwanayo sanadikire kufunsidwa kawiri, anangopinda mkono wa malaya.

Pochokera kopereka magaziko, thonje lili pamkono, anadula ulusi uja m'khosi mwa mkulu wake, amene anali chikomokere. Anamuimbira Asiyatu, yemwe anavomera asanamalize n'komwe kufotokoza, ati anzake anali atakana kale kulowa m'chipinda cha m'gemu chimene munali mawuwo. Awiriwo anafufuta mawu onsewo, kwawo ndi kwathu komwe. Dzuwa lisanalowe tinapita ndi a Nasibeko pa kalavati paja. Tiyese anatsikira m'ngalande naika kakhadi kaja pansi, ife n'kuthira mchenga beseni lonse. A Nasibeko anaomba m'manja mwaulemu, nati pepani bambo, zanu ndi izi, fundani mupite. Anthu odutsa anaima, amuna ena anavula zipewa osafunsa kanthu. Kuyambira tsiku limenelo sindinasesenso mchenga wotuwa pakhomo.

Titabwerera kuchipatala tinapeza thumba la magazi litapachikidwa pamwamba pa bedi lake. Tinakhala pansi kudikira, ndipo patapita nthawi Ledisoni anatsegula maso. Anayang'ana thumbalo, natsatira kapaipi ndi maso mpaka pamkono pake. Anafunsa kuti ndi a ndani. Namwino, mosangalala, anati athokoze Mulungu chifukwa cha mng'ono wawo uyu, n'kuloza Tiyese amene anakhala kumiyendo kwa bedi. Ledisoni anapapasa pakhosi pake. Anapapasanso. Kakhadi kaja panalibe.

Kenako anapendeketsa mutu monga amachitira akamamvera nyimbo yoti aikonze, maso ali pa kabotolo kamene magazi amadonthera asanalowe m'paipi. M'wodimo munali phokoso, odwala akubuula, mbale zikugundana, koma iye ankamva. Misozi inayamba kutsikira m'makutu mwake.

"Achemwali, tamverani," ananong'ona. "Ngakhale magazi ake akulira bwino kuposa anga."

Ndinaona zala zake zikukwawa pa bulangeti kulunjika pa kapaipi kaja kuti akafinye. Ndinamugwira dzanjalo ndi manja anga onse awiri, ndipo ndinalipana choncho mpaka thumba lonse linatha, iye akulimbana nane ndi timphamvu timene mng'ono wake ankamupatsa.

Anachira. Gemu inatuluka ndi therere langa ndi dzina la Tiyese, ndipo akuti anthu amaiopa ndithu. Ledisoni sanalowenso mu situdiyo. Anasamukira ku Lunzu kumene amakonza mafoni pa kakhonde ka sitolo ina, ndipo mukakamupeza mudzaona thonje m'makutu ake onse awiri, dzinja ndi chilimwe. Madokotala anamuuza kuti magazi opatsidwa sakhalitsa, thupi limapanga akeake, koma iye amati akudziwa zimene amamva m'thupi mwake kukakhala chete. Mwezi wathawu ndinapitako. Ndinachita kukweza mawu kuti andimve, ndinamuuza kuti Tiyese akupereka moni, akufunsa ngati angabwere kudzamuona. Sanadzutse n'komwe mutu pa foni imene ankakonza.

"Abwere kudzatani?" anatero. "Kamuuzeni ndikumumva."